Mozzetta: zinthu 11 zodabwitsa za kansalu ka m'mapewa ka Apapa ndi maepiskopi

Ambuye episkopi akamalowa m'tchalitchi pa mwambo waukulu, kapena makadinala akamaoneka pa kanema ali pamzere kupita kukasankha Papa, maso athu amathamangira ku kachisoti ndi ku mtanda wa pachifuwa. Pali chovala china chimene ambiri timangochiona osafunsa dzina lake: kansalu kakafupi kokuta mapewa, kolekeza m'zigongono, kotsekedwa kutsogolo ndi mzere wa mabatani. Ku Roma amakatcha mozzetta. Kalibe manja, kalibe thumba, mvula sikatchinga, ndipo mphepo imangodutsa pansi pake. Ntchito imene kanatsala nayo ndi yolankhula basi. Kamanena kuti wovalayo ndani, ndipo kale kankanenanso ngati pamalo pamene waimapo ndi mwinimudzi kapena mlendo.

1. Si chovala cha Misa

Wopereka nsembe ya Misa amavala mkanjo woyera, stola ndi kasula. Mozzetta palibepo. Iyo ili m'gulu la zovala zotchedwa za m'kwaya, ndipo kwaya yake si ya oimba ayi, koma mipando ija yoyang'anizana pafupi ndi guwa, pamene atsogoleri a Mpingo amakhala popemphera masalimo kapena pa mwambo umene akutsogolera wina. Kavalidwe kake nkotere: mkanjo wautali mkati, pamwamba pake malaya oyera opyapyala ofika m'mawondo otchedwa rochet, kenako mozzetta, ndipo mtanda umalendewera pamwamba pa zonse. Episkopi akhoza kufika nayo pakhomo la tchalitchi, kulandiridwa, kuwaza anthu madzi odalitsidwa, koma akalowa m'chipinda chovalira amaivula.

Ngakhale chingwe cha mtandawo chili ndi lamulo lake. Cha episkopi ndi chobiriwira chopotana ndi chagolide, cha kadinala ndi chofiira ndi chagolide, cha Papa ndi chagolide chokhachokha.

2. Kholo lake ndi chisanu

M'matchalitchi a miyala a ku Ulaya, zaka 700 kapena 800 zapitazo, ansembe a pa kathedralo ankadzuka usiku kukaimba masalimo. Munalibe moto, ndipo madzi odalitsidwa ankatha kuuma n'kukhala ayezi. Pofuna kudziteteza, ankavala chipewa cha ubweya chotsika mpaka m'mapewa, chotchedwa almutia. Akatswiri ena a mbiri ya zovala za Mpingo amati mozzetta inachokera m'chipewa chimenechi, ena amati ndi chofunda chachitali cha m'kwaya chimene anangochidula kuti chisamavute. Onse amagwirizana kuti poyamba chinali chovala chofunditsa.

Umboni wodziwika kwambiri wa mozzetta monga tikuidziwira lero ndi chithunzi chimene Melozzo da Forlì anajambula pakhoma mu 1477. Chikuonetsa Papa Sixtus IV atakhala pampando, akupereka udindo woyang'anira laibulale ya ku Vatican kwa Bartolomeo Platina, amene wagwada patsogolo pake. M'mapewa mwa Papayo muli kansalu kofiira pamwamba pa malaya oyera. Chithunzicho anachichotsa pakhomapo, ndipo chimasungidwa m'nyumba ya zithunzi ya ku Vatican.

3. Mtundu wakale wa Papa ndi wofiira, ndipo anthu anachita kulimbirana

Tikati Papa, m'maganizo mumabwera munthu wovala zoyera. Nkhani imene imasimbidwa kawirikawiri ndi yakuti Pius V, amene analamulira kuyambira 1566 mpaka 1572, anali wa chipani cha Dominiko Woyera ndipo anakana kuvula mkanjo woyera wa chipani chake. Koma mabuku a miyambo olembedwa m'ma 1270, nthawi ya Gregory X, akusonyeza kale Papa wovala zoyera mkati ndi zofiira kunja. Chimene chinkasonyeza kuti munthu wakhaladi Papa chinali chofunda chofiira chimene ankamuveka akangosankhidwa.

Kulemera kwa chofunda chimenechi kunaoneka pa 7 Seputembala 1159, m'tchalitchi cha Petro Woyera. Makadinala ambiri anasankha Rolando wa ku Siena, amene anadzatchedwa Alexander III. Ochepa ankafuna Ottaviano, bwenzi la mfumu Frederick Barbarossa. Malinga ndi zimene analemba a mbali ya Alexander, pamene ankamuveka Rolando chofundacho, Ottaviano anachitsomphola. Wina anamulanda, koma wansembe wa Ottaviano anali atabwera ndi china chapadera, ndipo chifukwa cha liwiro Ottaviano anachivala chakumbuyo kutsogolo. Anadzitcha Victor IV. Anthu anaseka ndithu, komatu kugawikana kumene kunayamba tsiku limenelo kunatha zaka pafupifupi 18, mpaka pamene Barbarossa anagwadira Alexander ku Venezia mu 1177.

Mozzetta yofiira ya Papa ndi imene yasunga mtundu wa chofunda chimenecho mpaka lero.

4. Kale kankanena kuti "pano ndi pa ine"

Apa ndiye pagona nkhani yokoma koposa, ndipo ndi imene ambiri, ngakhale ansembe achinyamata, saidziwa.

Chaka cha 1969 chisanafike, episkopi sankavala mozzetta paliponse pamene wafuna. Lamulo linali pa malaya oyera aja. Rochet ikamaonekera, ndiye kuti wovalayo ali ndi ulamuliro pamalopo. Mozzetta, poti ndi yaifupi, imasiya malayawo poyera. Choncho episkopi ankavala mozzetta mu dayosizi yake. Akadutsa malire kulowa mu dayosizi ya mnzake, ankavala china chotchedwa mantelletta, chovala chopanda manja chofika m'mawondo, chimene chinkaphimba rochet. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe, ndipo ku Roma mwambi womwewo anausoka ndi singano.

Lamuloli linali ndi nthambi zake. Episkopi wothandizira, amene alibe dayosizi yakeyake, ankakhalira mantelletta. Arkiepiskopi ankavala mozzetta m'madayosizi onse a m'chigawo chake. Kadinala ankaivala kulikonse pa dziko lapansi, kupatula mu mzinda wa Roma: mmenemo, poti mwinimudzi ndi Papa, ankavala zonse zitatu, rochet, mantelletta pamwamba pake, mozzetta pamwamba pa zonse. Ankavula mantelletta akalowa m'tchalitchi chimene anapatsidwa kuti ndi chake mumzindamo. Ndipo Papa akamwalira, makadinala onse ankavula mantelletta, malaya oyera aja n'kuonekera. Munthu wa mumsewu sankasowa womuuza kuti mpando uli wopanda munthu ndipo zinthu zili m'manja mwa makadinala mpaka atasankha wina.

Papa yekha ndiye ankavala mozzetta kulikonse osaphimba kanthu.

5. Kanali ndi kachipewa kosalowa mutu wa munthu

Kumbuyo kwa khosi, mozzetta yakale inali ndi kachipewa kakang'ono kwambiri, koti ngakhale mutu wa khanda sungalowemo. Kanatsalira pa chipewa chofunditsa chija, ndipo atelala anapitiriza kukasoka kwa zaka mazana ngakhale panalibe wokavala.

Kanachoka pa 31 Malichi 1969, pamene Kadinala Amleto Cicognani, m'dzina la Papa Paul VI, anasaina malangizo otchedwa Ut sive sollicite. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unali utatha mu 1965, ndipo Paul VI, amene anali atasiya kale kuvala chisoti chachifumu cha Apapa, anafuna kuti atsogoleri a Mpingo apepukidwe. Chikalata chimodzicho chinasesa zambiri: kachipewa kaja, chipewa chachikulu chofiira cha makadinala, nsapato zofiira za zomangira zachitsulo, ndi mantelletta ya maepiskopi ndi makadinala. Zovala zapepo zimene makadinala ankavala pa nyengo ya Adiventi, ya Lenti ndi pa maliro zinapita. Kunathanso koti episkopi wochokera m'chipani cha amonke avale mtundu wa chipani chake, monga a Fransisko Woyera amene ankavala zotuwa ngati phulusa.

Kupepukako kunali kofunika, sindikutsutsa. Koma ndimaona kuti pochotsa mantelletta anadula lilime la mozzetta. Lero episkopi aliyense amaivala kulikonse, kwawo ndi kwa eni, ndipo kansaluko kamangonena udindo, osanenanso malire ake. Chovala chimene chinkakumbutsa munthu wamphamvu kuti mphamvu zake zili ndi polekezera sichinali choyenera kutayidwa pamodzi ndi nsapato za zitsulo.

6. Papa anali nazo zisanu, ndipo kalendala ndiyo inkasankha

Malangizo a 1969 sanakhudze zovala za Papa mwiniwake. Pa mwambo wakale iye anali ndi mozzetta zisanu. Yoyamba ya nsalu yofiira yonyezimira, ya nyengo yotentha. Yachiwiri ya veleveti yofiira, ya ubweya woyera m'mphepete, ya nyengo yozizira. Ziwiri zina zinali za nsalu wamba yofiira, yosanyezimira, za masiku olapa ndi a maliro, ina ya nyengo yotentha, ina ya yozizira. Yachisanu inali yoyera, ya sabata ya Pasaka.

Tsiku losinthira silinkadalira mmene kunja kwachera. Ya veleveti inkayamba pa 25 Novembala, tsiku la Katarina Woyera wa ku Alexandria, n'kufika mpaka pa chaka cha Kukwera Kumwamba kwa Ambuye. Kwathu kuno tsiku limenelo limapeza anthu akutuluka thukuta m'munda, akuyang'ana mitambo ya mvula yoyamba, zimene zikungosonyeza kuti kalendalayi anaipangira Roma, osati dziko lonse.

Ubweya woyerawo ndi wa kanyama kakang'ono ka kumaiko ozizira kotchedwa ermine, kamene kamakhala kofiirira m'chilimwe chawo, n'kusanduka koyera nyengo ya chisanu, kupatula nsonga ya mchira imene imakhalabe yakuda. John Paul II, pa zaka zake zoposa 26, ankangovala yonyezimira ija, ndipo ambiri anayesa kuti zinazo zapita. Benedict XVI anadzazitulutsanso: ya veleveti mu Disembala 2005, yoyera pa Pasaka wa 2008. Mabungwe oteteza nyama ku Italy sanakondwe nazo, ndipo anamupempha poyera kuti asiye kuvala ubweya wa nyama.

7. Kufiira kwake kunkachokera ku tizilombo

Kwa nthawi yaitali utoto wa mafumu unali wapepo, wochokera ku nkhono za m'nyanja ya Mediterranean, ndipo malonda ake anathera pomwe mzinda wa Constantinople unagwa mu 1453. Mu 1464 Papa Paul II analamula kuti makadinala azivala zofiira kwambiri, zonyikidwa mu utoto wa kermes, tizilombo timene timamatirira pa mtundu wina wa mitengo ya m'maiko a m'mbali mwa nyanjayo. Ankatitola, kutiyanika, n'kutisinja. Aspanya atalanda Mexico m'ma 1520 anapeza kuti eni dziko amaweta kachilombo kena pa zomera zaminga, kotchedwa cochineal, kopereka utoto wamphamvu kuposa wa kermes. Pankafunika tizilombo pafupifupi 70,000 kuti papezeke utoto wosafika theka la kilogalamu, ndipo pa katundu amene Spain inkatenga ku Mexico, utotowu unkangotsatira siliva pa kudula.

Tanthauzo limene Mpingo umapereka ndi magazi: popereka kachisoti kofiira, Papa amauza kadinala watsopano kuti akhale wokonzeka ngakhale kukhetsa magazi ake. John Fisher, episkopi wa ku Rochester, anasankhidwa kukhala kadinala mu Meyi 1535 ali m'ndende ya Tower of London chifukwa chokana kuvomereza Henry VIII ngati mutu wa Mpingo ku England. Anamudula mutu pa 22 Juni chaka chomwecho, zovala zofiirazo asanazivale.

8. Ojambula zithunzi anaikonda kuposa ansembe

Kansalu kofiira pamwamba pa malaya oyera ndi phwando kwa munthu wa utoto, ndiye chifukwa chake zithunzi zotchuka za Apapa sizionetsa Misa. Raphael anajambula Julius II cha m'ma 1511, atakhala chogwetsa nkhope, ali ndi ndevu zimene anasunga polira mzinda wa Bologna umene adani anamulanda. Chithunzicho chili ku National Gallery ku London, ndipo kwa zaka zambiri ankachiyesa chokopera, mpaka mu 1970 pamene anachipima bwino n'kupeza kuti ndi chenichenicho. Titian anajambula Paul III mu 1543, nkhalamba yowerama m'kati mwa veleveti yothetheka.

Koma mfumu ya zonse ndi Innocent X wa Diego Velázquez, wa cha m'ma 1650, amene ali ku Galleria Doria Pamphilj ku Roma. Mpando wofiira, nsalu yotchinga yofiira, kachisoti kofiira, mozzetta yofiira yonyezimira, ndipo pakati pa zonsezo pali maso okayikira a munthu wosakhulupirira aliyense. Amati Papayo atachiona anadandaula kuti chanena zoona mopitirira. Patatha zaka 300, Francis Bacon anatengeka nacho kwambiri moti anachijambula mobwerezabwereza kokwana makumi angapo, Papa wake akukuwa pakamwa pali yasa, kansalu kaja katasanduka kapepo. Ankagwiritsa ntchito zithunzi za m'mabuku, ndipo ngakhale anakhalapo ku Roma, sanapite kukaona chenichenicho.

9. Imasokedwa mwiniwake asanadziwike

Pafupi ndi Pantheon pali shopu yaing'ono ya banja la Gammarelli, limene lakhala likusokera atsogoleri a Mpingo kuyambira 1798. Pa zisankho zambiri za Apapa, atelala amenewa ndi amene akhala akukonza mikanjo yoyera itatu, waung'ono, wapakati ndi waukulu, poti palibe amadziwa msinkhu wa wodzasankhidwayo. Mu Malichi 2013 anaiika pawindo kwa masiku ochepa, pamodzi ndi nsapato zofiira ndi mozzetta ya veleveti, anthu n'kumaunjikana kudzajambula.

Zovalazo amazipititsa m'kachipinda kali pambali pa guwa la Sistine Chapel, kotchedwa Chipinda cha Misozi, mmene wosankhidwa amavula zofiira za ukadinala. Sizimayenda bwino nthawi zonse. Za John XXIII, munthu wathupi, zimasimbidwa kuti mu 1958 mkanjo unamuthina moti anachita kuugwira ndi mapini. Pa 19 Epulo 2005, Benedict XVI atakweza manja pakhonde kupereka moni, dziko lonse linaona manja a juzi yakuda akusuzumira pansi pa zoyera ndi zofiira.

John XXIII yemweyo akuvalabe mozzetta mpaka pano. Kuyambira 2001 thupi lake lili m'bokosi lagalasi pansi pa guwa la Jerome Woyera m'tchalitchi cha Petro Woyera, litavekedwa ya veleveti ya ubweya woyera ndi kachisoti kofanana nayo.

10. Francis anaisiya, Leo XIV anaivala, ndipo anthu anawerenga zambiri kuposa zolembedwa

Madzulo a 13 Malichi 2013, Jorge Mario Bergoglio, amene anatenga dzina la Francis, anatulukira pakhonde la tchalitchi cha Petro Woyera atavala zoyera zokhazokha. Mozzetta anaisiya m'Chipinda cha Misozi, mtanda anavala wake womwe anabwera nawo kuchokera ku Buenos Aires, ndipo stola anaiika m'khosi podalitsa pokha, atatha n'kuivula. Pa zaka 12 za upapa wake sanavalepo mozzetta.

Wina anganene kuti, nanga kansalu koyera kaja kamene mphepo inkakonda kumuphimba nako kumaso? Kameneko si mozzetta. Ndi pellegrina, kansalu kotsegula kutsogolo, kopanda mabatani otsekera, kamene kamayendera limodzi ndi mkanjo wa tsiku ndi tsiku. Maepiskopi amakhala nako pa mkanjo wawo wakuda. Benedict XVI atatula pansi udindo pa 28 Febuluwale 2013 anapitiriza kuvala mkanjo woyera, koma wopanda kansalu ka m'mapewa, kusonyeza kuti salinso pa ulamuliro.

Pa 8 Meyi 2025, Robert Francis Prevost, mbadwa ya ku Chicago amene anatumikira zaka zambiri ku Peru, anatulukira pakhonde lomwelo ngati Leo XIV atavala rochet, mozzetta yofiira yonyezimira ndi stola yofiira yokongoletsedwa ndi golide. Asanatsegule n'komwe pakamwa, pa intaneti anthu anali atagamula kale: ena akusangalala kuti nthawi ya Francis yatha, ena akudandaula pa chifukwa chomwecho. Onse anafulumira. Iye anafotokoza kuti dzina lake analitenga pokumbukira Leo XIII, amene mu 1891 analemba Rerum novarum, kalata yoteteza anthu apantchito. Ndipo chikalata chake choyamba chachikulu, Dilexi te, cha mu Okutobala 2025, chikukamba za kukonda osauka, ndipo anachiyamba ndi Francis.

Ine ndimati onse awiri analankhula, ndipo chimene chinapangitsa kuti Francis amveke ndi chakuti amene anamutsogolera ankaivala. Pakanapanda mwambo, sipakanakhala choti asiye.

11. Kuno kwathu yofiira ndi yosowa

Mozzetta si ya maepiskopi okha. Akuluakulu a nyumba za amonke amavala ya mtundu wa chipani chawo, ansembe a bungwe la pa kathedralo m'maiko a ku Ulaya ali ndi yawo, ndipo wansembe woyang'anira tchalitchi chimene Papa anachipatsa ulemu wa basilika amaloledwa yakuda ya mzere ndi mabatani ofiira. Koma imene Akatolika a ku Malawi ndi ku Zambia anazolowera kuona ndi yapepo ya maepiskopi.

Yofiira inafika kwa mbadwa ya mu Africa muno koyamba mu 1960, pamene John XXIII anakweza Laurean Rugambwa wa ku Tanganyika. Malawi sanakhalepo ndi kadinala. Zambia yakhala nawo awiri. Woyamba ndi Adam Kozłowiecki, Mjezuiti wa ku Poland amene anapulumuka ku ndende za Auschwitz ndi Dachau n'kudzakhala arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Anakwezedwa mu 1998 ali ndi zaka 86. Wachiwiri, ndiponso mbadwa yoyamba ya Zambia, ndi Medardo Joseph Mazombwe wa kummawa kwa dzikolo, amene anatsogolera dayosizi ya Chipata zaka zoposa 25 asanapite ku Lusaka. Benedict XVI anamukweza pa 20 Novembala 2010.

Mazombwe anavala yapepo zaka pafupifupi 40, yofiira zaka zosakwana zitatu. Lamulo limene Paul VI anakhazikitsa mu 1970 limati kadinala wopyola zaka 80 saponya nawo voti posankha Papa. Mazombwe anakwanitsa zakazo mu Seputembala 2011, choncho pamene makadinala 115 ankalowa mu Sistine Chapel mu Malichi 2013, iye sanali pamzerewo, ndipo anamwalira mu Ogasiti chaka chomwecho. Pa makadinala 133 amene anasankha Leo XIV mu 2025 panalibenso wa ku Zambia kapena wa ku Malawi.